Mano Awiri pa Nsonga ya Singano

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, wakhala zaka makumi atatu ndi zinayi akukonza zinthu zamagetsi. Anthu amamutcha Amagalasi chifukwa cha galasi lokuza zinthu limene amalimangirira pamphumi ndi lamba, ndipo masiku ena amaiwala kulivula mpaka kukafika nalo kunyumba. Ine ndimadula makiyi. Tebulo langa ndi lake ali pakhonde limodzi, kuseri kwa sitolo yogulitsa penti, ndipo pakati pathu pali mzati wokha. Zimene ndilembe pano zambiri ndinaziona ndekha, zina anandiuza mwini wake. Munthuyu pa moyo wake wonse anafunitsitsa chinthu chimodzi: kuti dzina lake lilembedwe papepala la boma, lonena kuti kachipangizo kena kowerengera makhadi akufa anakatulukira ndi iyeyo. Sindimuikira kumbuyo, ndipo sindimunamizira.

Ntchito anaiphunzira kwa mkulu wina wokonza mawailesi. Mkuluyo ankaphunzitsa bwino, koma akafika penipeni pamene wailesi imadzukira, ankatembenuka n'kupereka msana, kapena kumutuma kukagula fodya. Mlamu wanga sanadandaulepo nazo zimenezo. Ankati ntchito ya manja ndi mmene imakhalira, ukaonetsa zonse lero mawa anthu apita kwa amene unamuonetsayo. Tonse a pakhonde timatero. Inenso pali loko wina amene ndimamutsegula nditafunditsa nsalu pamanja.

Mawailesi anatha ntchito, anayamba makaseti. Makaseti anatha, anayamba mawailesi a kanema aakulu ngati kabati aja. Nawonso anatha, kunabwera mafoni. Nthawi iliyonse mlamu wanga ankayambiranso ngati mwana wa sukulu, zida zakale n'kukaziponya pansi pa bedi. Mlongo wanga amati pansi pa bedi lawo ndi manda. Pomaliza anakhazikika pa mafulashi ndi makhadi a memori. Fulashi ndi kanthu kaja kotalika ngati chala kamene anthu amasungamo zithunzi ndi makalata a pakompyuta, ndipo khadi la m'foni ndi laling'ono kuposa chikhadabo. Tinthu timeneti sitidwala, timangofa. Dzulo linali bwino, lero foni ikuti mulibe kanthu. Anthu ankafika pakhonde pathu maso ali ofiira: mayi amene zithunzi zonse za malemu amuna ake zinali mmenemo, woimba amene nyimbo zake zosatuluka zinatsekeredwa, mlembi wa ofesi amene ankaopa kuchotsedwa ntchito.

Khadi lotere kuti ulankhule nalo umayamba wapala utoto wakuda wa kumsana kwake mpaka timadontho ta mkuwa tioneke. Kenako umawotcherera waya woonda ngati tsitsi pa dontho lililonse, nthawi zina madontho khumi ndi asanu ndi limodzi, mawayawo n'kuwalumikiza ku kabokosi kowerengera kamene kali pakompyuta. Dzanja likangogwedezeka pang'ono, madontho awiri amamatana, khadi lapsa, zithunzi za malemu zapita. Khadi limodzi linkamutengera tsiku lathunthu, ndipo madzulo ankaimirira atagwira msana.

Atapitirira zaka makumi asanu, manja anayamba kunjenjemera. Ndinazindikira ndi ine poyamba, chifukwa supuni inkalira m'kapu pamene sakutakasa. Mwezi umodzi anawotcha makhadi awiri. Mwini wa khadi lachiwirilo sanatukwane, anangolitola n'kulikulunga m'kansalu n'kumapita. Mlamu wanga tsiku limenelo sanagwirenso ntchito ina.

Ndi pamene anayamba kuganiza zosiya kuwotcherera. Anatenga kathabwa, masingano osokera zovala, ndi timasipuling'i ta m'zolembera zakutha. Singano iliyonse inkatsikira pa dontho lake, sipuling'i n'kumaikanikiza, waya atamangidwa ku diso la singanoyo. Nzeruyo inali yabwino koma zinthu zinkakana. Mkuwa ndi woterera, ndiye masingano ankatsetsereka n'kukagwa pambali. Analimbana nazo miyezi isanu ndi iwiri. Anabwereka katupa kanga kakang'ono kwambiri, kamene ndimasalazira makiyi a masutikesi, ndipo anakabweza katatheratu mano, osanena kuti ankanola chiyani. Tsiku lina m'mawa ndinangomva wawomba m'manja kamodzi. Zithunzi zinali kutuluka pakompyuta, chimodzi chimodzi, ndipo khadi linali losapsa.

Kuchokera tsiku limenelo ntchito ya tsiku lathunthu inkatha mu ola limodzi. Koma kachipangizoko ankakavundikira ndi chitini cha mabisiketi munthu akangoyandikira. Wovutika nazo kwambiri anali mnzathu wa pakhonde lomwelo amene timamutcha Wamafoni, bambo wa pakamwa posatseka, wosintha magalasi osweka a mafoni.

"Amagalasi, m'chitinimo mwaweta chiyani? Njoka?"

"Muli agogo ako. Ukufuna kuwapatsa moni?"

"Tangotsegulani pang'ono, ine maso anga ndi akufa kale."

"Akufa amene amaona ndalama ya kasitomala ikadali m'thumba? Pita kwako."

Amene anabweretsa nkhani ya patenti ndi mphunzitsi wina wa kukoleji, amene mlamu wanga anamupulumutsira zolemba za zaka zinayi. Anati boma lili ndi ofesi yolembetsa luso latsopano. Akaona kuti chinthu palibe anachipangapo, amakupatsa chikalata chotchedwa patenti, chokhala ndi dzina lako, ndipo kwa zaka zingapo wina sangachipange kapena kuchigulitsa iwe usanalole. Mlamu wanga za kugulitsazo sanazimvere kwenikweni. Anafunsa kawiri konse kuti, "Dzina limakhalapo? Langa lenileni?" Ana ake ndi aakazi awiri, onse ali pa ntchito zina, palibe adzatenge tebulo lija. Anandiuza kuti wakonza zinthu za anthu ena moyo wake wonse, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti iye anakhalako.

Mlongo wanga anandipempha kuti ndimuperekeze. "Achimwene, mupite nawo. Awa akakwiya makutu amatseka." Ofesiyo inali pansanjika yachinayi, chikepe chinali chakufa, tinakwera masitepe. Tinapeza mayi wina wa imvi pang'ono, mafayilo atamuzungulira mpaka pawindo. Anatilandira bwino, ngakhale ankaoneka kuti mawu amene akutiuzawo wawanena kambirimbiri.

"Bambo, mukalembe ndi kujambula chinthu chanucho. Mulembe zonse. Munthu wa ntchito ngati yanu akawerenga, athe kuchipanga yekha osakufunsani kanthu."

"Achipange yekha?" anafunsa mlamu wanga.

"Eya. Inu mumauza dziko mmene chimapangidwira, dziko limakutetezani pa zimene mwanenazo. Zimene simunalembe sitingaziteteze. Ndipo musanabweretse mapepala musaonetse munthu."

Tikutsika masitepe anaima pakati n'kundiyang'ana. "Mwamva alamu? Ndilembe zonse kuti wakuba asavutike n'kuganiza. Mapepalawo adutsa m'manja angati muofesi muja? Wotaipa, wonyamula mafayilo, wosesa."

"Mayiwo anena momveka," ndinatero.

"Inu mumadula makiyi, alamu. Izi ndi zamagetsi."

Analemba miyezi iwiri, masana a Lamulungu lililonse, patebulo lodyera, mlongo wanga atachotsapo mbale. Anajambula yekha ndi pensulo ndi rula: kathabwa, masipuling'i, mawaya, masingano khumi ndi asanu ndi limodzi osongoka bwino. Zojambulazo zinali zokongola, zimenezo ndivomere. Titakapereka, mayi uja anatipatsa pepala lokhala ndi chidindo, nambala ndi tsiku. Ananena kuti pepalalo si patenti, ndi umboni chabe woti mapepala alandiridwa, ndipo yankho limatenga zaka. Ine ndinamva. Mlamu wanga maso anali pa dzina lake, limene linataipidwa ndi zilembo zazikulu pansi pa nambala.

Pepalalo analiika m'felemu n'kulipachika pamzati wa pakati pathu. M'mawa mwake anachotsa chitini chija n'kuyamba kuikamo zomangira zakutha.

"Wamafoni! Bwera udzaone agogo ako aja."

Anavula galasi lake n'kumuveka. Wamafoni anawerama nthawi yaitali, kenako analiza kamluzu. Nanenso ndinapatsidwa galasilo, ndipo ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa chimene chinanditheretsa katupa. Nsonga ya singano iliyonse inali yong'ambidwa pakati, timano tiwiri ngati mphanda, tating'ono moti ndi maso chabe sungatione. Timanoto tinkaluma mkuwa, singano osatsetserekanso. Luso lonse linali pamenepo. Kathabwa ndi masipuling'i aliyense akanatha kuziganiza.

Wamafoni anagunditsa foni yake pagalasi n'kuyamba kujambula vidiyo.

"Jambula," anatero mlamu wanga. "Uike paliponse pamene ukufuna. Amene atengere, boma lithana naye. Nambala ndi iyo pamzatipo."

Wamafoni atachoka ndinamufunsa. "Alamu, pa zojambula zija masingano anali osongoka. Mano awa munawalemba pena?"

Ananditsinzinira diso. "Ine ndine mwana?"

"Ndiye mwakhoma chipinda chopanda kanthu, katundu mwasiya panja."

"Nambala ikuphimba chipangizo chonse, kuyambira thabwa mpaka nsonga. A ku ofesi akuba chiyani pamene sanaone? A kunja kuno akuba bwanji pamene pali nambala? Ndawatsekera uku ndi uku."

Ndinamuuza kuti mayi uja sananene choncho. Anayatsa kompyuta n'kundipatsa msana. Ndinabwerezanso tsiku lina, n'kuuzanso mlongo wanga, amene anangoti ndimusiye munthu asangalale kamodzi. Ndinasiya.

Zaka zitatu zotsatira zinali zabwino kwa iye, zimenezo sindikana. Vidiyo ija inayenda pa intaneti. Okonza mafoni ochokera kutali ankabwera kudzaona masingano, iye n'kumawaveka galasi mmodzimmodzi, kuwaonetsa ngakhale kagwiridwe ka tupa. Anaitanidwa ku msonkhano wa amisiri kukalankhula, mlongo wanga anamusitira malaya oyera. Miyezi ingapo iliyonse ankakwera masitepe aja kukafunsa, n'kuuzidwa kuti mapepala akadali m'manja mwa owunika. Ankabwerako akupuma movutikira koma akuseka. Manja ankanjenjemera kwambiri chaka ndi chaka. Singano imodzi imene kale ankaing'amba pa mphindi khumi inayamba kumutengera m'mawa wonse, ndipo zambiri zinkathyoka.

Kalata inafika Lachiwiri m'mawa. Inali ya masamba asanu, m'chilankhulo cha maloya, koma tonse awiri tinamva kuti akukana. Tinatseka matebulo n'kupita. Chikepe chinali chikadali chakufa. Mayi uja imvi zinali zitachuluka. Anatikumbukira. Anatulutsa mapepala atatu ochokera kumayiko ena n'kuwayala patebulo. Pa onse atatu panali masingano okanikizidwa ndi masipuling'i, ojambulidwa mosiyana pang'ono, ndipo lina linalembetsedwa mlamu wanga akadali pa mawailesi a kanema.

"Owunika apeza kuti zimene munalemba zinalipo kale, bambo. Si zatsopano."

"Awo ndi masingano wamba! Amenewo amatsetsereka. Ine ndinawayesa miyezi isanu ndi iwiri, ndikudziwa."

"Anu amasiyana pati?"

Mlamu wanga anatulutsa bokosi la machesi m'thumba la malaya. Munali singano imodzi pa thonje. Anavula galasi n'kupatsa mayiyo, ndipo dzanja linkagwedezeka moti mayiyo anachita kulandira singanoyo n'kuiika papepala loyera. Anayang'ana nthawi yaitali, akuitembenuza ndi nsonga ya pensulo.

"Izi ndi zina," anatero. "Izi m'mapepala onsewa mulibe. Munazilemba pa tsamba liti?"

Mlamu wanga anayamba kutembenuza bokosi la machesi lija m'manja.

Mayiyo anatsegula fayilo n'kuyang'ana tsamba ndi tsamba, ngakhale ndikukhulupirira kuti ankadziwa kale. Atafika kumapeto anavula galasi lija n'kupukuta maso ndi zala.

"Ndibwerekeni cholembera, ndiwonjezere pompano," anatero mlamu wanga. "Ndi mizere iwiri yokha."

"Sizitheka. Zimene munapereka tsiku lija ndi zomwezo. Mukhoza kukonza mawu, koma chinthu chatsopano simungachilowetse m'fayilo yakale."

"Ndiye ndiyambirenso. Fomu ina."

"Zimenezo zingatheke ngati manowa akadali chinsinsi. Mwaonetsapo anthu?"

Pansi pa tebulo nsapato yake inandiponda phazi. Anatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Ayi, kwenikweni ayi."

Mayiyo anayang'ana ine. Sindinapite kumeneko kuti ndikamugwetse. Koma fomu imeneyo munthu amasainira kuti zimene wanena ndi zoona, ndipo anthu amene anavala galasi lija ndi oposa zana.

"Anaonetsa, mayi," ndinatero. "Zaka zitatu zapitazo. Ilipo ndi vidiyo."

Mayiyo anatembenukira ku kompyuta yake n'kutaipa mawu angapo. Sipanapite mphindi ziwiri, mawu a mlamu wanga anamveka m'chipindamo, amphamvu, osangalala, akuuza Wamafoni kuti aike paliponse. Mayiyo anazimitsa msanga.

"Ngakhale alamu anuwa akanakhala chete, owunika akanaipeza," anatero motsitsa mawu. "Chinthu chikakhala poyera nthawi yaitali chonchi sichikhalanso chatsopano, ngakhale amene anachionetsa ndi mwini wake."

"Ndiye manowa ndi a ndani?"

"A aliyense, bambo. Inu simungawalembetse, winanso sangawalembetse."

"Dzina langa likhala pati?"

Mayiyo anayang'ana mulu wa mafayilo. Anati fayilo yake isungidwa, yolembedwa kuti inakanidwa. Kenako ananena kuti pa zaka zimene wagwira ntchito pamenepo amisiri a manja ambiri amachita zomwezo, amabisira pepala n'kuonetsa anzawo, ndipo iye watopa n'kuchenjeza anthu amene amangogwedeza mutu. Anabwezera singano ija m'bokosi la machesi n'kulitseka bwinobwino.

Tinatsika masitepe pang'onopang'ono. Mlamu wanga ankaima pansanjika iliyonse atagwira chitsulo. Panja anakwera basi ina, ine ina.

Milungu isanu sanandilankhule, ngakhale matebulo athu ndi ogundana. Kasitomala akafunsa za makiyi iye ankangoloza ndi chibwano. Mlongo wanga anabwera kwathu Loweruka masana, osakhala ndi pansi pomwe.

"Achimwene, pakamwa panupo simungapatseke tsiku limodzi lokha?"

"Akanasainira bodza, mlongo wanga. Likanadzaululika dzina lake lili pamenepo."

"Bola akanakhala nacho chiyembekezo zaka zina zitatu. Mukudziwa kuti pano sakudya? Angokhala pampando n'kumayang'ana manja awo."

Mpaka lero ndimati sindinalakwe, koma mlongo wanga nayenso sananame. Felemu lija linachoka pamzati, sindinaone tsiku limene analichotsa. Anayambanso kundilankhula pang'onopang'ono, za mvula, za mwini khonde, za bondo lake. Za ofesi ija sitinakambepo.

Chaka chatha manja anafika poti sangathenso kung'amba singano. Anatsala ndi khumi ndi zinayi zabwino, ndipo makhadi ofuna zambiri ankawabweza. Tsiku lina Wamafoni anafika ndi kapaketi kapulasitiki n'kukaika patebulo mwakachetechete, zimene si khalidwe lake. Munali masingano makumi asanu opangidwa ku fakitale, onyezimira, onse ofanana, nsonga iliyonse ya mano awiri. Papaketi panalibe dzina la munthu, panali nambala chabe ndi chithunzi cha khadi. Anati akugulitsa m'sitolo ya zida za mafoni, pashelefu ya pafupi ndi khomo.

Mlamu wanga anatsitsa galasi n'kuyang'ana imodzi.

"Ang'amba mozama kwambiri," anatero. "Ukakanikiza zedi idula mkuwa."

"Alembereni kalata muwauze, Amagalasi. Inu ndi amene mukudziwa."

"Ndiwauze kuti ndine ndani?"

Wamafoni anakanda mutu n'kubwerera ku tebulo lake. Paketiyo inakhala pamenepo masiku atatu. Tsiku lachinayi kunabwera bambo wina woyendetsa lole, ali ndi khadi lokhala ndi mawu a mwana wake amene anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akuimba. Khadilo linali la madontho khumi ndi asanu ndi limodzi. Mlamu wanga analiyang'ana, n'kuyang'ana paketi, kenako anaing'amba ndi mano. Anafewetsa masipuling'i awiri kuti masingano atsopanowo asalume kwambiri. Kutsitsa singano iliyonse pa dontho lake kunamutengera nthawi, dzanja lamanzere litagwira lamanja pamkono. Dzuwa litapendeka mawu a mwanayo anamveka pakhonde ponse, ndipo woyendetsa loleyo anakhala pansi pasimenti n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Atadzuka anayang'anitsitsa kathabwa kaja, ndi masingano ake ataima pakhadi.

"Koma anthu ali ndi nzeru," anatero. "Kachipangizo aka anakapanga ndani, bambo?"

Mlamu wanga anali akuchotsa masingano imodziimodzi n'kumaika pa thonje.

"Zimagulidwa," anatero. "M'sitolo ya zida za mafoni, pafupi ndi khomo."

Ine ndinamva zonse. Panali mayi amene ankadikira makiyi awiri a geti, ndiye ndinayatsa makina anga.